Kodi laputopu pa siteji ndi chida choimbira?

Kuno ku Harare mkangano wa laputopu pa siteji sukutha, makamaka pakati pa ife amene tinakulira ku Mbare ndi ku Highfield tikumvera nyimbo za magitala zotchedwa sungura. Akuluakulu ambiri amati woimba weniweni ndi amene zala zake zimaoneka zikugwira ntchito, monga momwe Alick Macheso amaimbira gitala ya besi ndi gulu lake la Orchestra Mberikwazvo, ndipo mnyamata woweramira kompyuta amamuona ngati wangobwera kudzatsegula nyimbo yojambulidwa kale.

Kwa ine, nkhani yagona pa zimene munthuyo akuchita nthawi imeneyo. Pulogalamu ya Ableton Live, imene inatuluka mu 2001, imalola woimba kudula tizigawo ta nyimbo, kutibwereza, kusintha liwiro, ndiponso kuchotsa kapena kubwezera ng'oma anthu ali mkati movina, moti akaphonya aliyense amamva. Ameneyo akuimba ndithu. Koma amene amangodina batani limodzi n'kuyamba kugwedeza mutu, zonse zitakonzedwa kale mu situdiyo, asatilipiritse ndalama za gulu lathunthu.

Tisaiwale kuti m'zaka za m'ma 1970 Thomas Mapfumo ndi anzake anasamutsira kaimbidwe ka mbira pa gitala yamagetsi, ndipo lero kaimbidwe kawoko, kotchedwa chimurenga, palibe amene amakakayikira. Nyimbo zambiri za zimdancehall, dancehall ya ku Zimbabwe, nazonso zimapangidwira pa kompyuta, m'masitudiyo ang'onoang'ono monga Chillspot ku Matapi, ku Mbare.

Pempho langa kwa okonza zoimbaimba ndi lakuti azilemba pa chikwangwani ngati kudzakhala gulu loimba kapena laputopu yokha, kuti wogula tikiti adziwiretu.