Kusamutsa khodi yanga kuchoka pa Python 2

Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta chimene ndimaphunzira madzulo ndikaweruka, chinayamba ngati ntchito yapambali ya munthu mmodzi. Guido van Rossum wa ku Netherlands anayamba kuchilemba mu Disembala 1989, pa tchuthi cha Khirisimasi, pofuna chomutangwanitsa ofesi yawo ku Amsterdam itatsekedwa. Anachitulutsa kwa anthu mu 1991. Nkhani imeneyi imandilimbitsa mtima, poti ine sindinapite ku koleji kukaphunzira za makompyuta. Ndimangochita kukonda.

Python 2.0 inatuluka mu 2000, ndipo ndi imene inatchukitsa chiyankhulochi. Mu Disembala 2008 kunabwera Python 3.0, imene anaikonza mwadala kuti isiyane ndi yakale pa zinthu zingapo zimene eni ake ankaona kuti zinalakwika pachiyambi. Zotsatira zake, khodi yambiri yakale (khodi ndi malangizo amene timalembera kompyuta) sinkayendanso pa yatsopanoyo, choncho anthu anakakamira yakale. Mu 2010 anatulutsa 2.7 n'kunena kuti umenewo ndiye mtundu womaliza wa Python 2, ndipo pambuyo pake analemba poyera kuti 2.8 sidzakhalapo. Poyamba ankati asiya kuisamalira mu 2015, koma ataona kuti ambiri sanakonzeke anawonjezera zaka zisanu. Tsiku lotsiriza linakhala 1 Januwale 2020, ndipo 2.7.18, imene inatuluka mu Epulo chaka chomwecho, inali yotsanzikira.

Kuno ku Lilongwe Python 2 sinachoke pa tsikulo. Ambirife timaphunzira ndi mabuku a PDF amene timapatsana pa fulashi kapena pa WhatsApp, chifukwa bandulo yoonera makanema ophunzitsa siitenga nthawi kutha. Mabukuwo ambiri ndi akale, ndipo amene akukupatsa sakuuza chaka chimene analembedwa. Inenso ndinayamba choncho, pa laputopu yogwirapo kale ntchito imene ndinaigula ili ndi 2.7 m'kati mwake. Pulogalamu yanga yoyamba yothandiza munthu inali yosunga kaundula wa banki mkhonde ya azakhali anga ku Area 25: masheya amene aliyense waponya, ngongole, chiwongola dzanja, ndi zoti agawane pakutha pa chaka. Yakhala ikugwira ntchito osadandaula, ndipo n'chifukwa chake ndinachedwa kuisamutsa. Chimene chinandikankha n'chakuti zida zina zimene ndimafuna kuwonjezera, monga zojambulira magalafu, mitundu yake yatsopano siilowanso pa Python 2.

Za print, lamulo loonetsa mawu pa sikirini, sindichedwapo. Pa yakale unkangolemba print "Moni", pa yatsopano mawuwo amalowa m'mabulaketi. Ukaiwala kompyuta imakana pomwepo n'kukuonetsa mzere wake, ndiye vuto lotere silivuta. Chimodzimodzi raw_input, yolandira zimene munthu walemba, imene tsopano ndi input.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa kugawa manambala. Pa Python 2, ukagawa nambala yathunthu ndi inzake yathunthu, yankho limakhalanso lathunthu, zotsala amataya: 7 / 2 imapereka 3. Pa Python 3 imapereka 3.5, ndipo ukafuna zakale uja umalemba 7 // 2. Mu pulogalamu ya azakhali muli mzere wowerenga masheya. Tinene kuti sheya imodzi ndi K2,000 ndipo mayi wina waponya K7,000. Yakale inkati masheya 3, K1,000 yotsalayo n'kuilemba padera kuti idikire sabata yamawa, monga mwa lamulo la gululo. Mzere womwewo pa yatsopano ukuti masheya 3.5, ndipo kompyuta siidandaula chilichonse. Imangopitiriza kuwerengera, theka la sheya lija n'kukalowa m'magawo a pakutha pa chaka, kwinaku K1,000 ija yalembedwanso padera. Ndalama yomweyo yawerengedwa kawiri. Amene anakhalapo pa tsiku logawana amadziwa mmene K500 yokha imautsira mapokoso pakati pa anthu amene amapemphera mpingo umodzi.

Panali chida chotchedwa 2to3 chimene chimasintha khodi yakale chokha. Chimakonza print ndi zina zambiri, koma kugawa sichikhudza, poti sichingadziwe chimene wolemba ankafuna pa mzere umenewo. Ndinafufuza chizindikiro chogawira paliponse pamene chili mu pulogalamuyo n'kumadzifunsa ngati pakufunika nambala yathunthu kapena ayi. Pa masheya, yathunthu. Pa chiwongola dzanja, ayi, ndipo apa yatsopano ndi imene ili ndi nzeru: 20 / 100 pa Python 2 imapereka 0, moti kale ndinkachita kulemba 20.0 kuti ngongole isaoneke ngati ilibe chiwongola dzanja. Ntchito yoyenda mzere ndi mzere imeneyi inandiphunzitsa za mitundu ya manambala, int (yathunthu) ndi float (ya madesimali), kuposa mutu uliwonse wa m'buku umene ndinawerengapo.

Chinanso, chimene chinandichititsa kuvomereza ndi mtima wonse kuti anachita bwino kuipumitsa yakaleyo, ndi chilembo chathu cha ŵ. Python 2 inkatenga mawu wamba ngati mndandanda wa ma byte, timagawo tating'ono timene kompyuta imasungiramo zinthu. Zilembo za Chingerezi chilichonse ndi byte imodzi, ndiye olemba Chingerezi sankaona vuto kawirikawiri. Koma ŵ mu UTF-8, njira yofala yosungira zilembo pa kompyuta, amatenga ma byte awiri. Ukaifunsa Python 2 kutalika kwa "Malaŵi" imakuuza 7, pamene zilembo ndi 6. Ukati isinthe kukhala zilembo zikuluzikulu imatulutsa MALAŵI, kachilembo kathu n'kukasiya momwemo. Ndipo ukangolemba ŵ mu fayilo ya khodi osanena pamwamba kuti ndi UTF-8, pulogalamu imakaniratu kuyamba. Njira yozembera inalipo, kuika chilembo cha u patsogolo pa mawu alionse, koma ambiri ankangochotsa kadenga ka pa w kuti zinthu ziyende. Pa Python 3 mawu onse ndi Unicode, dongosolo lodziwa zilembo za ziyankhulo zosiyanasiyana, kuchokera pachiyambi: Malaŵi ndi zilembo 6, ndipo MALAŴI imatuluka bwinobwino. Kusintha kumeneku ndi kumene kunavutitsa kwambiri makampani okhala ndi khodi yochuluka, koma opindula nako ndife, pamodzi ndi onse amene zilembo zawo sizithera pa za Chingerezi.

Sindikunena kuti kusamukaku kunayenda bwino. Kuchoka 2008 kufika 2020 ndi zaka zoposa 11, ndipo nthawi yonseyi ophunzira ankayamba ndi funso loti aphunzire iti. Ndikuganiza kuti eni chiyankhulochi sanayembekezere kuti anthu adzavutika motere. Komabe akanapanda kuika tsiku n'kuliimirira, bwenzi mpaka lero odzipereka amene amachisamalira akugawa mphamvu zawo pawiri.

Amene ndimawamvera chisoni ndi oyamba kumene. Mphwanga wina wa ku Kawale anabwera ndi laputopu yake ali wokhumudwa. "Achimwene, ndakopera ndendende zimene zili m'bukumu koma ikukana. Kapena mutu wangawu si wa zimenezi?" Titatsegula bukulo, tsamba loyamba lomwe linali ndi print wopanda mabulaketi. Ndinamuuza kuti, "Iwe ulibe vuto, bukuli ndi la Python 2." Mwana wanzeru akhoza kusiya maphunziro onse chifukwa cha zoterezi, akuganiza kuti wolephera ndi iye. Tsopano aliyense wondipempha mabuku ndimayamba ndamuonetsa mozindikirira: ayang'ane print, ayang'ane ngati muli raw_input kapena xrange, ndipo pa kompyuta yake alembe python3 --version. Mabuku a Python 2 ndinawachotsa pa fulashi imene ndimabwereketsa.

Yakaleyo ikusowa pang'onopang'ono. Kampani ya Apple inaichotsa mu macOS 12.3, pulogalamu yoyendetsa makompyuta ake, mu 2022, ndipo 2to3 nayo anaichotsa mu Python 3.13 mu 2024, kutanthauza kuti wochedwa kusamuka ayenera kufuna chidacho pa mtundu wakale kapena kuchita ndi manja.

Kwa ine kwatsala gawo lowerenga mafayilo a CSV (a mindandanda yolekanitsidwa ndi makoma) mmene muli maina a mamembala. Pa yakale ndinkawatsegula ndi "rb", pa yatsopano afunika encoding="utf-8" ndi newline="". Azakhali anena kuti gulu ligawana mu Disembala, ndiye ndikufuna mapulogalamu onse awiri ayende limodzi miyezi ikubwerayi, ndizifananiza zotsatira sabata ndi sabata, ndisanazimitse yakaleyo.