Tebulo la mbawa, sabata yachitatu: kulimbana ndi fila

Katebulo ka mbawa komwe ndikupanga kaima pa miyendo yake tsopano. Majointi agwira, pamwamba ndapala mpaka dzanja likutsetsereka. Koma sabata yonseyi yathera pa tinthu tating'ono: timabowo tinayi ta misomali pa thabwa la m'mbali, mng'alu wopyapyala pomwe matabwa awiri apamwamba akumana, ndi mfundo imodzi ya thabwa yomwe inagumuka pakati n'kusiya dzenje lolowa nsonga ya pensulo. Ndikufuna munthu akadzayang'ana tebuloli aone thabwa, maso ake asakodwe pa zigamba.

Lolemba ndinayamba ndi fila wogula (phala lomatira mabowo ndi ming'alu ya m'matabwa), wolembedwa kuti ndi wa mtundu wa mahogany, wofiirira ngati mbawa. Mwamwayi sindinathamangire pa tebulo penipeni. Ndinaboola timabowo pa chidutswa chomwe chinatsala podula thabwa lapamwamba, n'kumatapo. Atauma ndi kupalidwa, fila ndi thabwa zinafanana ndithu, ndipo mtima unakhala pansi. Nditapaka vanishi kamodzi kokha, thabwa linafiira n'kuzama mtundu, pomwe fila anangotsala mbuu, ngati timaso toyera. Vanishi amalowa m'minyewa ya thabwa n'kuidetsa, koma mu fila salowa chimodzimodzi. Ndinazindikira kuti ndakhala ndikufananitsa ndi mtundu wolakwika, wa thabwa losapaka, pomwe tebulo lidzakhala moyo wake wonse lili lopaka.

Kuyambira pamenepo ndikumayenda ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Ukapukuta pa thabwa, kwa kamphindi kochepa sipiriti asanaume umaona mtundu woyandikira womwe vanishi adzatulutse.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinapanga fila wanga wa utuchi ndi guluu woyera uja wa matabwa, wa PVA. Apa ndi pomwe ndakhalitsa. Utuchi wa ku sowo ndi wokhakhala, ukauma umaoneka timiyalamiyala, choncho ndinautaya. Wabwino ndi fumbi la sandipepa. Ndinasesa pa benchi bwinobwino kuti pasakhale fumbi la paini wa ntchito ina, ndinapala chidutswa cha mbawa ndi sandipepa wosalala wa nambala 220, n'kusefa fumbilo pa kansalu kopyapyala. Ndinasakaniza ndi guluu pang'ono pang'ono pa katoni mpaka msakanizo unagwirana osayenderera.

Munthu angaganize kuti fumbi la thabwa lomwelo lipereka mtundu womwewo. Ayi ndithu. Linatuluka lodera kuposa thabwa, ndipo pansi pa vanishi linaderanso kwambiri. Nditaganizira ndinaona chifukwa chake. Kafumbi kalikonse ndi minyewa yodukaduka, yotseguka mbali zonse, ndiye kamamwa guluu monga momwe kumapeto kwa thabwa, komwe sowo yadula mopingasa, kumamwera vanishi n'kuda kuposa pamwamba. Vuto lina n'lakuti PVA akauma amakhala ngati pulasitiki. Ukachulutsa guluu, utoto wolowa m'thabwa uja, stain, sulowanso pamalopo. Amene akufuna kudzapaka stain aganizirepo kawiri. Guluu wa zikopa, womwe amisiri akale ankautenthetsa asanamate, amalandira stain bwinoko, ndipo ndikufuna kudzamuyesa pa ntchito ina.

Choti ndichite chinali kuyeretsako fumbi la mbawa ndi fumbi loyererako. Ndinaboola mabowo asanu ndi limodzi a mamilimita 3 pa chidutswa, n'kulemba ndi pensulo pambali pa lililonse: mbawa yokha, kenako magawo 4 a mbawa pa gawo limodzi la paini, kenako 3, kenako 2, theka ndi theka, ndipo lomaliza fumbi la mbawa losakaniza ndi shellac, mankhwala opaka matabwa onga vanishi, m'malo mwa guluu. Ndinazisiya usiku wonse, m'mawa n'kupala, n'kupaka vanishi kawiri. Kulembako musakunyozere, anzanga. Zikauma simungakumbukire kuti bowo liti munaikamo chiyani.

La theka ndi theka linayera kwambiri. La magawo 2 linafanana ndi thabwa mpaka kusowa. La magawo 3 linaderako pang'ono chabe. La shellac linauma msanga ndipo linapalika mosavuta, koma linada ngati la mbawa yokha.

Ndasankha la magawo 3, osati lomwe linasowa lija, ndipo ndili ndi zifukwa ziwiri. Tsiku lomwe ndinayamba tebuloli ndinaika chidutswa cha mbawa pawindo, theka lake nditaliphimba ndi katoni. Nditavundukula sabata ino, mzere ukuoneka bwino lomwe: mbali yomwe yaona kuwala yafiira n'kudera, yophimbidwa ikadali yotuwirako. Mbawa imada ikamakhalitsa. Thabwa la cherry limatero kwambiri, la paini limasanduka lachikasu, pomwe la walnut limayererako. Fila wofanana ndendende lero, makamaka wokhala ndi paini wambiri, adzatsala m'mbuyo thabwa likamapitiriza kuda. Chifukwa chachiwiri ndi diso la munthu. Thabwa limakhala kale ndi timadontho ndi timizere todera, ndiye kadontho kodera kamalowa m'gulu la anzake. Kadontho koyera kalibe pobisala.

Pomata pa tebulo penipeni ndinazunguliza bowo lililonse ndi tepi ya pepala. Mbawa ili ndi timabowo tachilengedwe totseguka, ndipo fila akapakika m'mbali amalowa mmenemo n'kusiya chibanga chozungulira chomwe chimadzaonekera vanishi akapakidwa. Ndinadzaza mopitirirako pang'ono chifukwa guluu wa madzi akamauma fila amalowa m'kati. Ndinakankhira ndi kapulasitiki kolimba m'malo mwa mpeni wachitsulo. Chitsulo chikakumana ndi chinyezi pa matabwa okhala ndi mankhwala ambiri achilengedwe otchedwa tannin, monga oak, chimasiya banga lakuda, ndipo sindinafune kuyesera mwayi pa mbawa yanga.

Mng'alu wapamwamba sindinauike fila n'komwe. Thabwa limafufuma ndi kunyala m'mimba mwake nyengo ikamasintha, ndipo fila wouma gwa mu mng'alu wautali amadzasweka kapena kuthothoka. Ndinacheka kachipanthi kopyapyala ka mbawa yomweyo, mizere yake yolunjika kumodzi ndi ya tebulo, ndinakasongola pang'ono kunsi, kupaka guluu, n'kukakhomera modekha. Katauma ndinakasenga ndi tchizulo n'kupala. Pa zonse zomwe ndachita sabata ino, apa ndi pomwe pandisangalatsa kwambiri, chifukwa ndi thabwa lenileni ndipo lidzada limodzi ndi linzake.

Mfundo ija ndinaiona mosiyana. Mfundo ndi yakuda kale, ndiye kuidzaza ndi mtundu wa thabwa kukanaoneka kwachilendo. Ndinamata tepi kunsi kuti zisadonthe, ndinasakaniza guluu wolimba wotchedwa epoxy ndi kautoto kaufa kofiirira moderako ka burnt umber, n'kuthira kawiri, chifukwa koyamba kanamira m'timing'alu ta m'kati. Ndinadikira maola 24 ndisanapale. Tsopano ikungooneka ngati mfundo yabwinobwino yomwe sinagumukepo.

Lero ndapala paliponse ndi 220 n'kupukuta ndi sipiriti kuti ndione. Mabowo atatu a misomali ndimachita kuwafufuza. Bowo lachinayi likuonekabe, chifukwa linagwera pamzere wofiira kwambiri wa thabwa, ndipo fila yemwe wakwanira pa enawo apa wayererako. Sindikumbanso. Ndipaka kaye vanishi woyamba, kenako ndi kabulashi kosongoka ndijambula timizere tiwiri todera todutsa pa bowolo motsatira mizere ya thabwa, vanishi wachiwiri adzatitsekere pansi. Zikakanika, ndili ndi phula lolimba lamitundu lomwe amamatira pambuyo pa vanishi, pomwe mtundu weniweni wa thabwa umakhala utaoneka kale.

Chidutswa cha mabowo asanu ndi limodzi chija ndachiika pawindo pambali pa chinzake. Ndikufuna kuona ngati pakatha miyezi itatu la magawo 3 lidzasowe monga ndikuyembekezera. Mawa ndi vanishi woyamba.