Sitima ya phulusa yomwe inandimasulira phunziro

Sabata yatha aphunzitsi athu a malamulo a zachilengedwe anatipatsa ntchito yolemba za mapangano oletsa kutaya zinyalala zapoizoni m'nyanja zamchere. Ine ndinayamba ndi kuloweza ngati mwana wa sitandade 8. Pangano la London la 1972, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1975. London Protocol ya 1996, yomwe inayamba mu 2006. Zaka zinalowa bwino m'mutu, koma mnzanga atandifunsa kuti awiriwa amasiyana pati, ndinangoti kakasi.

Usiku womwewo magetsi atazima, ndikuwerenga pafoni batire ili pafupi kutha, ndinakumana ndi nkhani ya sitima ya Khian Sea. Mu 1986 inanyamuka ku Philadelphia, ku America, itasenza matani pafupifupi 14,000 a phulusa la zinyalala zotenthedwa. Ku Bahamas anaikana. Madoko ena nawonso anati kuno ayi. Itafika ku Haiti inakhuthula matani pafupifupi 4,000 pagombe la ku Gonaïves, eni ake akuti ndi feteleza. Boma la Haiti litatulukira bodzalo linalamula kuti alipakirenso, koma sitima inangonyamuka n'kuchoka. M'njira inasintha dzina kawiri, kukhala Felicia, kenako Pelicano, ngati wakuba wosintha malaya pamsika. Pofika November 1988 inali kufupi ndi Singapore, m'kati mulibe kanthu. Lotsalalo anali atalitaya m'nyanja za Atlantic ndi Indian. Mu 1993 akuluakulu awiri a kampani yoyendetsa sitimayi anawapeza olakwa pa mlandu wonama atalumbira, pamene mulu wa ku Haiti uja unakhala pomwepo mpaka mu 2000.

Nditamaliza nkhaniyi ndinabwerera ku mapangano aja, ndipo ndinawamva mwina. La 1972 lili ndi mndandanda wa zoletsedwa, monga zitsulo zapoizoni za mercury ndi cadmium, ndipo zina zonse munthu atha kutaya akapeza chilolezo. Zinandikumbutsa kusukulu yogonera komweko, komwe anatipatsa pepala la zinthu zosaloledwa ku hostelo. Ife tinkangoyang'ana chimene sichinalembedwe, n'kubwera nacho. Protocol ya 1996 inatembenuza pepalalo. Zonse n'zoletsedwa, kupatula zochepa zolembedwa, monga matope okumbidwa pozamitsa madoko ndi zotsalira za nsomba, ndipo nazonso zimafuna chilolezo. Inaletsanso kutentha zinyalala panyanja ndi kuzitumiza kudziko lina kuti akazitayire m'madzi. Kusiyana konse n'kumeneku, ndipo ndinadziseka kuti ndinataya masiku atatu pa zaka zokhazokha.

Mayiko a mu Africa sanadikire. Mu 1991 anasaina Pangano la Bamako loletsa kulowetsa zinyalala zoopsa kuchokera kunja, ataona kuti la Basel la 1989, lokhudza kutumiza zinyalala zoopsa kumayiko ena, silinamange mokwanira.

Komabe pali pomwe mtima wanga sunakhazikike. Bungwe la United Nations loona za sitima zapanyanja la IMO, lomwe limasunga mapangano a 1972 ndi 1996 aja ku London, lilibe apolisi panyanja. Dziko lililonse limayenera kulondera sitima zake ndi madzi ake, ndiye pakati pa nyanja usiku amaona ndani? Chiletso chotheratu cha zinyalala za nyukiliya chinabwera mu November 1993, patangopita mwezi umodzi a bungwe loteteza zachilengedwe la Greenpeace atajambula sitima ya ku Russia ikuthira madzi a nyukiliya m'nyanja ya Japan. Sindikunena kuti maboma anali kugona, popeza anali atagwirizana kale kuimitsa kaye mchitidwewu mu 1983. Koma zikuoneka kuti chithunzi chija chinawafulumizitsa kuposa misonkhano ya zaka khumi.

Ndime yoyamba ya ntchito yanga, yodzaza ndi zaka ija, ndaifufuta. Ndayamba ndi mulu wa phulusa wa ku Gonaïves, ndipo ndiyenera kupereka Lachisanu.