Tsiku limene anandipeza ndikumeta tomato

Chinandiyambitsa ndi mtengo wa tomato wa mu February, nthawi ya mvula ija chiwawu chikamaliza minda, ukapita pamsika amakuikira atatu ang'onoang'ono pamulu ngati akukugawira mapilitsi. Madamu atabwera ndi kajumbo kopepuka akudandaula, ine ndinangoti "mayi, chaka chamawa tomato simudzagulanso, ndimanga girinihausi kuseri kuno." Anandiyang'ana kamodzi n'kupitiriza kusadzula nkhwani.

Sukulu yanga inali YouTube, bandulo ya usiku. Aphunzitsi anga anali azungu a ku Holland ndi ku England, ndipo sizinandibwerere m'mutu olo pang'ono kuti anthuwa amatsekera tomato m'nyumba chifukwa kwawo kumazizira, pamene ine ndili ku Area 49, Lilongwe. Ndinagula mapolo a bulugamu, nsungwi, chipepala choyera cha pulasitiki, kheni, kapaketi ka mbewu ya Tengeru 97, kuphatikiza kalipentala zonse zinakwana K180,000, madamu ndinawauza kuti K60,000. Ndinatseka paliponse, kabowo kakaoneka ndimamata ndi selotepu, cholinga Tuta absoluta, kambozi kaja kamalowa m'kati mwa tsamba n'kuboolanso tomato, kasaone polowera.

Kufesa pa nazale mu August, kuokera mu September. Manyowa a nkhuku ndinathira, kenako ndinati ayi asaone ngati ndine waumbombo, ndinaonjezera urea. Abale mbewu zija zinakula! Kundipitirira mutu, masamba obiriwira ngati m'nkhalango, thunthu ngati chala chachikulu, ndimajambula m'mawa uliwonse kuika pa status, anzanga a kuntchito mpaka anayamba kunditchula bwana mlimi ndipo ine ndimavomera.

Kenako October anafika. Amene mumadziwa dzuwa la October ku Lilongwe ganizani mutalitsekera mu pulasitiki yopanda windo. Tsiku lina foni inazima ndili m'katimo italemba kuti yatentha kwambiri. Maluwa achikasu amatuluka bwinobwino, masiku atatu ayoyoka, pansi pali mbwee, tomato olo mmodzi. Nditafufuza ndi pomwe ndinadziwa kuti kutentha kukafika cha m'ma digiri 35 mungu wa tomato umaonongeka, komanso urea wambiri amangokulitsa masamba. Chinanso, duwa la tomato limadzibereketsa lokha koma limafuna kugwedezeka kuti mungu ugwe, panja ntchito imeneyi imagwiridwa ndi mphepo ndi njuchi, tsono ine mphepo ndi njuchi zomwezo ndinali nditazimata ndi selotepu.

Munthu wanzeru akanang'amba pepala m'mbali kuti mpweya uzilowa. Ine ndinagwira mfundo yogwedezayo. Mzungu wa pa vidiyo amakhudza maluwa ndi mswachi wa batire, ine mswachi wotero ndiutenga kuti, koma ndili ndi mashini ometera ndevu otchaja, nawonso amanjenjemera. Basi tsiku lililonse cha m'ma 10 ndimalowa, malaya ndavula chifukwa cha kutentha, kabudula yekha, thukuta kamukamu, mashini ali dzzzz pa duwa lililonse, nthawi zina ndikunong'oneza kuti "bereka iwe, ndakuonongera ndalama."

Zomwe sindinaganize n'zoti pulasitiki imaonetsa chithunzithunzi. Ana a neba amakwera mu mtengo wa mango kumaonera. Pasanathe sabata nkhani inali itazungulira laini yonse, ena akuti ndikulima chamba, ena akuti ndi zokhwima, munthu wamkulu sangamalowe maliseche m'kanyumba kotseka n'kumayankhula yekha. Maliseche abale, kabudula ndinali naye.

Loweruka lina ndikumva "odi kuno!" Kusuzumira, alandilodi atavala jekete, pambali pawo amfumu a m'dera lathu. Ine ndatuluka momwemo, mashini akulirabe m'manja.

"Achimwene, tamva zambiri. Tatitsegulirani tione."

Analowa. Magalasi a alandilodi anachita nthunzi pompo, amfumu akufwenthera tsamba lililonse, kulinunkhiza, kuligwetsa. Mphindi ziwiri sizinakwane anatuluka akupuma ngati athamangitsidwa ndi galu.

"Chabwino ndi tomato. Nanga tomato wake ali kuti?"

"Akubwera, mfumu."

"Ndiye mukumumeta chifukwa chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za mungu, zoti duwa lili ndi chachimuna ndi chachikazi pamodzi ndiye ine ndikungothandizira, ndipo pamene ndimafotokoza m'pamene nkhope zawo zimaipiraipira. Amfumu anapukusa mutu n'kunena kuti "ine kwathu ndi ku Lizulu, tomato tabadwira momwemo, timatumiza malole ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuno, koma sindinaonepo munthu akumumeta." Madamu anali pakhonde atatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa okha akugwedezeka.

Madzulo ake ndiwo zinali usipa wothira tomato wambiri, wofiira bwino. Ndinafunsa kuti mwagula kuti wabwino chonchi. Akuti "ku girinihausi yanga." Ananditengera kuseri kwa bafa, paja amatayira madzi otsukira mbale, pali chitsamba cha tomato chomera chokha kuchokera ku wowola amene anataya, chopanda feteleza, chopanda chochirikiza, nkhuku zimapalasa pomwepo, chabereka mpaka nthambi kugona pansi. Anali akuthyola kwa masabata awiri osandiuza, akuti amaopa kundisokoneza pa ntchito yometa.

Mvula yoyamba ya mu November inabwera ndi chimphepo, chipepala chonse chinanyamuka usiku n'kukakola mu mango uja wa aneba. Mbewu zitapuma mpweya zinayambadi kugwira timatomato, ine chimwemwe, koma mvula itangolimbikira chiwawu chinalowa, masamba kuda ngati awauka ndi moto, mankhwala a Dithane ndinagula mochedwa. Ndinakolola anayi. Madamu anapeza malisiti m'thumba la buluku, anawerengera pa foni n'kundiuza kuti tomato mmodzi wakwana K45,000, ndiye tidye pang'onopang'ono.

Pepala lija alandilodi anatenga, anafunditsira matumba a simenti. Dzana ndadutsa pa shopu yometera ya pamsika, mnyamata wake wandikuwira anthu ali tho, akuti "bwana, mukapanikizika ndi makasitomala kumunda kuja muzititumizirako ena."