Mmene ndinayezetsera ufa wanga wa moringa, ulendo wa ku Lusaka kawiri

Pepala la ku labu ndalilandira dzulo ndipo mtima wakhala pansi tsopano, koma ndikakumbuka ulendo woyamba uja mpaka pano mutu umandiwawa. Ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti kuyezetsa ufa ku labu ku Lusaka kumayenda bwanji, ndiye ndilembe pano kamodzi aliyense awerenge.

Ine ndimapanga ufa wa moringa, ena amati chamwamba, mitengo anadzala ambuya kumudzi ku Katete kalekale, ine ndimangothyola, kuyanika, kugayitsa nkumagulitsa kuno ku Chipata, makamaka cha ku Kapata. Zaka zonsezi palibe anandifunsapo pepala. Mpaka mwini shopu ina mtauni anati amai, ufa wanu anthu amaukonda koma sindingauike pa shelefu popanda umboni woti unayezedwa. Ndinakhumudwa tsiku limenelo, zoona, ndimvekere ambuya amwa zimenezi mpaka kukalamba. Koma ananena zoona bamboyo, ndadzazionera ndekha.

Choyamba imbani foni ku labu musanagule tikiti ya basi. Imbani, funsani kuti sampo afuna yochuluka bwanji, yoikidwa motani, ndipo alandira masiku ati. Ine sindinaimbe. Ndinangotapa ufa mu ndowa ziwiri zosiyana, wina wa mwezi watha wina watsopano, nkusakaniza mu kapulasitiki ka shuga, kumanga mfundo, kukwera basi ya mbandakucha. Makilomita opitirira 550 aja, Katete, Petauke, Nyimba, mapiri aja, pa Luangwa Bridge kuima pang'ono, kufika pa Intercity, siteshoni ya basi ya ku Lusaka, thupi lonse lili lende. Kugona kwa msuweni ku Chelstone, mmawa kulawirira.

Ndiye tsiku limenelo. Ndafika pa benchi 8 koloko, munthu wolandira masampo ati watuluka pang'ono. Pang'ono pakeyo mpaka 11. Wabwera, wandipatsa fomu, ati kalipireni ku banki mubwere ndi silipi, ndalama pamanja sitilandira. Kapulasitiki kanga kali pa tebulo pomwepo akukaona ndi maso ake, osanena kanthu. Ndapita ku banki, mzere wake mpaka pakhomo, ndabwerera 13 yakwana ati ali ku lanchi. Ndinakhala panja pansi pa mtengo ndi njala, chikwama pamiyendo. Itakwana 14:30 ndi pamene mayi wolandira masampo uja ananyamula kapulasitiki kanga ndi zala ziwiri nkunena kuti amai izi sitingalandire, ndi zosatseka bwino, zilibe dzina, zilibe deti, komanso zachepa. Ndinati nanga mmawa muja simunakaone? Anangoti ndimaganiza kuti zenizeni zili mchikwama. Misozi inalengeza. Ndalama ya basi, tsiku lonse, ana ndawasiya ndi aneba, chifukwa cha mawu amene akanatha kundiuza pa mphindi imodzi. Ichi chokha ndi chimene sindinakhululukebe. Silipi ya ku banki ija mwamwayi anati igwirabe ntchito ndikabweranso, ndiye isungeni bwino, ijambuleninso pa foni chifukwa inki yake imafufutika.

Amene anandithandiza ndi mnyamata wina wovala chovala choyera amene amayeza mkatimo, anandipeza pakhomo ndikupukuta maso nkundifotokozera modekha. Ati amai, sampo izikhala ya gulu limodzi, kutanthauza masamba amene munathyola, kuyanika ndi kugaya nthawi imodzi, chifukwa mukasakaniza ndiye tikapeza vuto simudziwa lachokera ndowa iti. Ibwere mu paketi yomweyo imene mumagulitsira, yomata, mapaketi angapo, yolembedwa dzina la mtengo, gawo lake kaya masamba kaya mizu kaya khungwa, ndi tsiku lopangira. Dzina la sayansi lilembedwenso, la ine ndi Moringa oleifera, poti maina a kumudzi amasiyana, mtengo umodzi ku Lundazi amautcha kwina ku Chadiza kwina, ndipo mitengo iwiri yosiyana imatha kukhala ndi dzina limodzi. Kwa inu a mizu ndi makungwa apa ndiye pofunika kusamala kwambiri.

Ndinaiwala kunena, pa fomu paja mumasankha zoti ayeze ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake, ndiye pitani mukudziwa. Ine ndinasankha tizilombo, monga E. coli ndi Salmonella, nkhungu, chinyezi, zitsulo zoopsa monga mtovu ndi arsenic, ndi aflatoxin. Aflatoxin ndi poizoni wa chuku yemweyu timamudziwa pa nshawa ndi chimanga chosauma bwino, amawononga chiwindi ndipo kuwiritsa sikumuchotsa. Mukukumbuka 2024 boma litalengeza za agalu pafupifupi 400 amene anafa ndi chakudya cha chimanga choipa? Ndi yemweyo. Ngati munda wanu uli pafupi ndi wa thonje kapena fodya kumene amapopera, onjezerani kuyeza mankhwala opopera.

Ulendo wachiwiri ine sindinapite, ndinaimba foni kaye, ndinatumiza mapaketi pa basi msuweni nkukapereka. Basi, zinatheka. Imbani foni anthuni.

Zotsatira zitabwera zinandigwetsa ulesi. Zitsulo zili bwino, aflatoxin palibe vuto, koma tizilombo tachuluka kupitirira muyezo ndipo E. coli yapezeka. E. coli imachokera ku chimbudzi, cha munthu kapena cha chiweto. Ndinachita manyazi komanso mantha, chifukwa ufa umenewu anthu amathira mu phala la ana osauphika, ena ndi odwala matupi awo ndi ofooka kale. Nditapita kumudzi ndinakhala pakhonde nkumangoyang'ana mmene timayanikira. Mphasa pansi pabwalo, masamba ayalidwa, nkhuku ikudutsa pakati pomwe, mwana akuipirikitsa ndi mapazi afumbi, madzi otsukira masamba a pa chitsime chosavindikira. Vuto silinali mtengo wa ambuya ayi, linali manja athu. Ambuya poyamba anakana, ati mwana iwe makina a azungu akunamiza, koma nkhuku ija itabwereranso pa mphasa anangoti chete nkukaitana amalume kuti amange thandala.

Manje timayanika pa thandala lokwera, mumthunzi, pa waya wa sefa ndi neti pamwamba, madzi otsukira ndi owiritsa, ndipo ndinasiya kupita ku chigayo cha chimanga, ndinagula kamakina kanga kakang'ono. Ufa wonse wakale ndinakathira kumunda, ndowa ziwiri, mtima ukupweteka. Kuyezetsa kachiwiri kunali kulipiranso, palibe kuchotsera. Ndi pepala limeneli ladutsa dzuloli.

China chimene ambiri tikulakwitsa. Pepala la ku labu limangonena kuti gulu limene anayezalo ndi laukhondo, silinena kuti ufa wanu umachiza. Mukangolemba pa lebo kuti umachiza shuga, BP kapena china chilichonse, ndiye mwalowa nkhani ya mankhwala, ndipo mankhwala kuno ku Zambia, azitsamba omwe, amayang'anira ndi a ZAMRA, bungwe la boma loona za mankhwala, pansi pa lamulo la 2013 la Medicines and Allied Substances, amafuna kulembetsa ndi umboni wake. Ine lebo yanga yakale inali ndi mndandanda wa matenda asanu, ndinaichotsa yonse, pano pangolembedwa dzina, kulemera, deti ndi kasungidwe. Ndipo kasitomala akandiuza kuti ali pa ma ARV kapena mankhwala a BP, kapena ndi woyembekezera, ndimamuuza akafunse kaye ku chipatala, asasiye mapilitsi ake. Zitsamba zina zimalimbana ndi mapilitsi mthupi, mwachitsanzo St John's wort amene amagulitsa mmabotolo uja amachepetsa mphamvu ya ma ARV ena.

Mawa ndikapereka makatoni awiri oyamba ku shopu kuja pamodzi ndi fotokope ya pepala, lenilenilo ndalimata mu pulasitiki lili mu sutikesi. Amene mukufuna kuona mmene thandala lija tinalimangira, ndikapita ku Katete Loweruka ndikajambula.