N'chifukwa chiyani America sinapatse RENAMO zida?

Ophunzira ambiri amaloweza mfundo zimene maboma amatsata pochita zinthu ndi mayiko ena, monga za atsogoleri a America izi: ya Monroe mu 1823, ya Truman mu 1947, ya Reagan m'ma 1980. Kuloweza kokha sikuyankha funso lotikhudza ife a ku Angónia ndi Tsangano. Mfundo ya Reagan inkati America izithandiza zigawenga zolimbana ndi maboma achikomyunizimu. UNITA ya ku Angola inalandiradi zida. Nanga RENAMO, yomwe inkamenyana ndi boma la FRELIMO ku Mozambique, inatsala bwanji, FRELIMO itadzitcha chipani cha Marx ndi Lenin mu 1977?

Ofuna kuithandiza analipo, ndipo anali amphamvu. Bungwe la ku America lofufuza za ndale la Heritage Foundation linkalemba zoikometsa, ndipo mu 1987 Jesse Helms wa ku Senate (mbali imodzi ya Congress, nyumba ya malamulo ya America) anachedwetsa kwa miyezi yambiri kuvomerezedwa kwa Melissa Wells kukhala kazembe ku Maputo. Umu ndi mmene magulu okakamiza boma amagwirira ntchito: amadikira pamene boma silingadutse popanda chilolezo, monga povomereza akazembe ndi pogawa ndalama, n'kutsekereza pomwepo.

Koma Samora Machel, mtsogoleri wa Mozambique pa nthawiyo, anali atawatsogolera kale. Pa 16 Marichi 1984 anasaina ndi P.W. Botha, mtsogoleri wa South Africa, pangano la Nkomati loti mayiko awiriwa asaukirane, chaka chomwecho dziko la Mozambique linalowa mu IMF ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ndipo mu 1985 anakakumana ndi Reagan ku Washington. Chester Crocker, woyang'anira za Africa ku unduna wa zakunja wa America, anapeza poyimira: dziko lomwe likutembenukira kwa ife tilimenyerenji? Nayo Britain inkaphunzitsa asilikali a Mozambique ku Nyanga, m'dziko la Zimbabwe.

Chimene chinafooketsa kwambiri mbali ya Helms, m'kuona kwanga, ndi umboni wa anthu wamba. Robert Gersony, wofufuza wotumidwa ndi unduna wa zakunja wa America, anafunsa othawa nkhondo pafupifupi 200, ena ali m'misasa ya ku Malawi, ndipo lipoti lake la mu 1988 linati RENAMO iyenera kuti inapha anthu wamba okwana 100,000. Zitatero, kuiyankhulira ku Congress kunakhala chinthu chovuta zedi.

Anzanga olemba mayeso, pewani chiganizo chakuti "America inafuna", ngati kuti boma ndi munthu mmodzi. Tchulani mfundoyo, kenako nenani amene ankaikokera mbali iyi ndi iyo, chida chimene aliyense anali nacho, ndi chaka chimene mbali imodzi inagonja.