Ine ndi mphaka wa alandilodi

Popeza anyamata a pabawo ayamba kale kufalitsa zoti ndinkalimbirana ndiwo ndi mphaka, ndiloleni ndifotokoze ndekha bodza lisanamere mizu.

Money plant ija, duwa loyanga la m'nyumba, ndinagula dala. Amati ikayanga bwino m'nyumba ndalama zimabwera, ndiye ndinaikulunga pa zitsulo za windo n'kumaithirira ngati mwana wobadwa yekha. Ndalama sizinabwere. Amene anabwera ndi mphaka wa alandilodi, n'kutafuna masamba awiri.

Ndinamupeza dovu lili chuchuchu, akudzikanda kukamwa ndi phazi, kenako n'kusanza pamkeka wanga. Alandilodi anatulukira manja ali m'chiuno: "Achimwene, mwamudyetsa chiyani Kambuku wanga?" Mundimvetse, ndinali ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri. Munthu wotero safunika mlandu wachiwiri. Ndinati, "Mayi, ili ndi duwa basi, taonani," n'kuthothola tsamba, n'kuliponya m'kamwa ngati chisoso.

Poyamba ndinamwetulira, ndinatafunanso mwamatama. Kenako zinangokhala ngati telala wakhuthulira singano zake zonse palilime langa. Kambuzi ndimadya, koma uyu sanali tsabola, kunali kubaya. Milomo inalemera, malovu anayamba kutsika okha mpaka pakolala. Ndinafuna kunena kuti "palibe vuto", chimene chinatuluka ndi "balibe buto". Ndinakhala pansi pakhonde, mphaka pambali panga, tonse kukamwa kuli yasa, tikuyang'anizana. Ndikulumbira, anandiyang'ana mwachisoni, ngati mnzanga wa m'selo amene anayamba kulowa.

Mwana wa alandilodi anaimbira dokotala wa ziweto, foni ili pa sipika. Adokotala anati dzina lenileni la chomeracho ndi Epipremnum aureum, ndipo m'masamba mwake muli tizinthu tosongoka ta calcium oxalate timene timabaya lilime ndi kukhosi ukangotafuna. Sichipha kawirikawiri, anatero, koma mphaka akatupa kukhosi mpaka kuvutika kupuma tithamange naye. Pakadali pano timutsuke kukamwa ndi madzi, timupatse mkaka pang'ono. Ndiye anafunsa, "Adya ndi amphaka angati?"

"Mphaka mmodzi ndi bambo mmodzi."

Foni inakhala zii. Kenako tinamva akuitana anzawo kuti adzamve.

Mkaka unalipo paketi imodzi. Kambuku anapatsidwa wake m'kambale, ine wotsalawo m'kapu ya pulasitiki, ndipo alandilodi akuti auwonjezera pa lendi.

Pambuyo pake ndinamva kuti duwa lija azungu amalitcha devil's ivy, ndipo linachokera ku Mo'orea, chilumba cha m'nyanja ya Pacific. Wogulitsa maluwa uja zimenezi sananene, anangoti ndalama. Ulendo wonsewo kuchokera ku Pacific kudzandichititsa manyazi ku Ndirande.

Duwalo pano ndinalipachika kudenga. Kambuku anachira tsiku lomwelo. Ine nsima ndinayamba kuimva kukoma Lachitatu.